Malonda a pa Intaneti ndi Kubwereketsa Minda m'Midzi ya ku China: Mafunso ndi Mayankho

Funso la mmene malonda a pa intaneti amakhudzira kubwereketsa minda lafufuzidwa kwambiri ku China, chifukwa m'dzikolo zinthu ziwirizi zinakula pa nthawi imodzi ndiponso kawirikawiri m'midzi imodzimodziyo. Pakati pa 2007 ndi 2016, gawo la minda ya mabanja imene inkalimidwa ndi anthu obwereka linakwera kuchoka pa magawo asanu mwa magawo 100 alionse kufika pa magawo pafupifupi 35, ndipo m'zaka zomwezo misewu, mafoni amakono ndi makampani otumiza katundu zinafika m'midzi imene kale inkangodalira mavenda odzagula mbewu pakhomo. Mayankho ali m'munsiwa akulongosola kuti intaneti imafika pamunda kudzera pa zinthu ziwiri, zomwe ndi nthawi ya mlimi ndi mtengo wa zokolola zake, ndipo zinthu ziwirizi zikasintha, pangano la wobwereka ndi wobwereketsa nalo limasintha.

Kodi mlimi wa ku China amabwereketsa bwanji munda pamene malowo si ake?

Malo olima a m'midzi ya ku China sagulitsidwa, chifukwa malamulo aakulu a dzikolo amati mwini wake ndi gulu la anthu onse a m'mudzimo pamodzi. Chimene banja lili nacho ndi pangano lolima gawo lina la malowo kwa zaka zoikika. Dongosololi limayambira mu 1978, pamene alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang, m'boma la Fengyang m'chigawo cha Anhui, anadinda zala mobisa pa chikalata chogawana munda wa gulu kuti banja lililonse lizilima palokha. Zokolola zitachuluka, boma linavomereza njirayi ndipo inafalikira m'dziko lonse kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1984 mapanganowo anapatsidwa zaka 15, mu 1993 kunalengezedwa kuti awonjezeredwa zaka 30 m'gawo lachiwiri, ndipo mu 2017 chipani cholamula chinalonjeza zaka zina 30 gawo lachiwirili likadzatha.

Pogawa malowo, mudzi unkawerenga anthu a pabanja lililonse ndi kuonetsetsa kuti aliyense walandirako nthaka yabwino ndi yoipa, ya pafupi ndi ya kutali. Chilungamo chimenechi chinabala minda yaing'ono kwambiri, moti banja wamba lili ndi malo ongoposa pang'ono theka la hekitala, ndipo malowo ndi omwazikana m'tizigawo tingapo. Anthu akumeneko amayeza minda ndi muyeso wotchedwa mu, ndipo ma mu 15 ndiwo amakwana hekitala imodzi.

Lamulo la mapangano a malo a kumudzi, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Marichi 2003, linatsimikizira ufulu wa mabanja wobwereketsa minda yawo, koma ambiri ankaopa kuti akasiya kulima okha mudzi udzawalanda. Mantha amenewa anachepa pamene boma linayeza minda ndi kupereka zikalata kwa mabanja pafupifupi 200 miliyoni kuyambira mu 2013, komanso pamene lamulo lija linakonzedwanso kumapeto kwa 2018 kuti lisiyanitse maufulu atatu. Umwini umakhalabe wa mudzi, ufulu wa pangano umakhalabe wa banja, ndipo ufulu wachitatu, umene ndi wogwiritsa ntchito malowo, ndi umene banja lingapereke kwa munthu wina, kwa kopaletivi kapena kwa kampani. Chimene chimayenda pa msika wa minda ndi ufulu wachitatuwu wokha, ndipo sungaperekedwe kwa nthawi yopitirira zaka zimene zatsala pa pangano la banjalo.

Malonda a pa intaneti anafika liti m'midzi, ndipo ndi aakulu motani?

Msika wa pa intaneti wa Taobao unakhazikitsidwa ndi kampani ya Alibaba mu 2003, ndipo pofika mu 2009 nthambi yofufuza ya kampaniyo inapeza midzi itatu imene mabanja ambiri ankakhalira malonda amenewa: Dongfeng m'tauni ya Shaji ku Jiangsu, Qingyanliu ku Yiwu m'chigawo cha Zhejiang, ndi Donggaozhuang ku Hebei. Mudzi umatchedwa mudzi wa Taobao ngati malonda ake a pa intaneti afika pa ndalama za yuan 10 miliyoni pa chaka, ndiponso ngati uli ndi masitolo a pa intaneti osachepera 100 kapena ngati banja limodzi mwa mabanja khumi alionse lili ndi sitolo yotere. Midzi yamtunduwu inali 20 mu 2013, inafika 212 mu 2014, ndipo pofika mu 2022 inali itakwana 7,780.

Chaka cha 2014 ndicho chinasintha zambiri, chifukwa Alibaba inalonjeza kuika ndalama za yuan 10 biliyoni pomanga malo otumikira anthu m'maboma 1,000 ndi m'midzi 100,000, ndipo unduna wa zamalonda pamodzi ndi unduna wa zachuma unayamba kusankha maboma oyeserera amene ankapatsidwa ndalama zomangira nyumba zosungira katundu, kuphunzitsa alimi ndi kukonza mtengatenga. Mu 2015 kunabwera Pinduoduo, kampani imene inayamba ndi zipatso ndipo inkalimbikitsa ogula kusonkhana m'magulu kuti agule motsika mtengo. Pambuyo pake kunabwera kugulitsa pa kanema woulutsidwa nthawi yomweyo pa Douyin ndi Kuaishou, pamene mlimi kapena wotsatsa amaima m'munda ndi kuonetsa zipatso kwa anthu oonera pafoni. Malinga ndi unduna wa zamalonda, zokolola za kumunda zogulitsidwa pa intaneti zinafika pa ndalama za yuan zoposa 580 biliyoni mu 2023.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri nchakuti midzi yambiri ya Taobao sigulitsa zakumunda. Yambiri ili m'zigawo za m'mbali mwa nyanja monga Zhejiang, Guangdong, Jiangsu ndi Shandong, ndipo imagulitsa zovala, nsapato, mipando ndi katundu wina wopangidwa m'mafakitale aang'ono. Kusiyana kumeneku nkofunika kwambiri pa nkhani ya minda.

Kodi kugulitsa pafoni kumafika bwanji pa nkhani ya munda?

Njira yoyamba ndi ya nthawi ya anthu. Mudzi wa Dongfeng kale unkadziwika ndi kuweta nkhumba ndi kutolera mapulasitiki otayidwa, koma kuyambira cha m'ma 2007 mabanja anayamba kupanga mipando yosavuta kulumikiza ndi kuigulitsa pa Taobao. Ku Daji, m'boma la Cao ku Shandong, mabanja anatembenukira ku kusoka zovala za masewero ndi magule, ndipo kenako zovala za makedzana zotchedwa Hanfu. Banja limene lalowa m'malonda otere limafuna munthu woyankha ogula pakompyuta mpaka usiku, wina wolongedza, wina wotengera katundu kwa otumiza, ndipo ntchitoyi siidziwa nyengo ya kubzala kapena ya kukolola. Phindu la chaka chonse la tirigu ndi chimanga pa theka la hekitala lingapezeke m'masiku owerengeka a malonda abwino, choncho kulima kumasanduka chotayitsa nthawi ndipo munda umaperekedwa kwa ena.

Kusamuka kwa anthu kupita m'mizinda kunali kutayamba kale kumasula minda mwa njira yofananayo, pakuti anthu ochokera kumudzi ogwira ntchito zina osati ulimi anali oposa 290 miliyoni mu 2019. Kusiyana kwake nkwakuti wopita ku fakitale ya ku Shenzhen ankasiya mkazi kapena makolo okalamba akulima, pamene sitolo ya pa intaneti imatenga banja lonse, agogo omwe amene amakhoza kulongedza katundu atakhala pansi. Ndiponso mwini munda akadali m'mudzi, kotero amatha kukambirana yekha za lendi ndi kuona mmene wobwereka akusamalira nthaka.

Njira yachiwiri ndi ya mtengo wa zokolola. Mlimi amene wapeza ogula a ku Shanghai kapena ku Beijing popanda kudutsa mwa mavenda atatu kapena anayi amalandira ndalama zambiri pa kilogalamu iliyonse, ndipo munda wake waung'ono suthanso kukwaniritsa maoda. Boma la Shuyang ku Jiangsu ndi chitsanzo chodziwika: kulima maluwa ndi timitengo tokongoletsa kunalipo kuyambira kale m'matauni a Yanji ndi Xinhe, koma malonda a pa intaneti anakulitsa msika wake kufika m'dziko lonse, ndipo malo olimidwa mbewu zimenezi anafika pa ma mu pafupifupi 600,000, omwe ndi mahekitala 40,000. Malo ochuluka chotere sangapezeke popanda kubwereka kwa mabanja amene kale ankalimapo mpunga ndi tirigu. Zofananazo zinachitika ndi mapeyala ndi mapichesi a ku Dangshan ku Anhui, zinanazi za ku Xuwen ku Guangdong ndi manachesi a ku Wuming ku Guangxi.

Njira ziwirizi zikakumana m'dera limodzi, msika wa minda umakula mofulumira, chifukwa ofuna kusiya minda ndi ofuna kuwonjezera amapezeka pa nthawi imodzi. Pamene pali njira yoyamba yokha, minda imachuluka pa msika koma lendi siikwera kwenikweni, ndipo m'madera a mapiri kumene makina sangalowe minda ina imangogonera. Pamene pali njira yachiwiri yokha, ofuna malo amalimbirana minda yochepa ndipo lendi imakwera msanga.

Nchifukwa chiyani wogulitsa pa intaneti amafuna munda waukulu?

Wogula wa pa intaneti saona katundu asanalipire, choncho amadalira chithunzi ndi ndemanga za ogula ena, ndipo bokosi limodzi la zipatso zosiyana kukula kapena zowola limatsitsa mbiri ya sitolo mwakuti kompyuta ya msikawo imaleka kuionetsa kwa anthu. Kuti zipatso zifanane pamafunika mbewu ya mtundu umodzi, feteleza ndi mankhwala othiridwa mofanana ndiponso kukolola pa nthawi yake, zimene nzovuta kuzilamulira m'minda ya mabanja makumi asanu olima aliyense mwa nzeru zake. Makampani otumiza katundu nawo amatsitsa mtengo kwa amene amatumiza mabokosi ambiri tsiku lililonse, ndipo nyumba yoziziritsira zipatso kapena makina ozisankha malinga ndi kukula kwake sizibweza ndalama ngati zikugwira ntchito masabata awiri okha pa chaka.

Komabe si aliyense wogulitsa zakumunda pa intaneti amene amabwereka malo. Ambiri ndi achinyamata obwerera kuchokera m'mizinda amene salima konse, koma amagula kwa anansi awo ndi kugulitsa pafoni, ndiye kuti ndi mavenda a mtundu watsopano. Boma la Wugong ku Shaanxi linatchuka ndi kusonkhanitsa zipatso ndi mtedza wa kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, kuphatikizapo za ku Xinjiang, ndi kuzitumiza kwa ogula popanda kuzilima lokha. Ena amapangana ndi alimi kuti awalimire mbewu yakutiyakuti pa mtengo wogwirizana, ndipo munda umakhalabe m'manja mwa banja. Palinso dongosolo limene lafala ku Shandong, limene banja limalipira kopaletivi kuti ilime, ibzale, ipopere ndi kukolola ndi makina ake, koma zokolola ndi chiopsezo chake zimakhala za banjalo. M'madera amene njira zimenezi zakhazikika, malonda a pa intaneti angakule kwambiri popanda kusuntha minda yambiri, ndipo nthawi zina amachepetsa kubwereketsa, chifukwa banja limene linkafuna kusiya munda limaona kuti tsopano uli ndi phindu ndipo limaugwiritsitsa.

Kodi mapangano obwereketsa asintha motani?

Apa ndi pamene pali kusintha kozama kuposa kuchuluka kwa mahekitala. Kubwereketsa kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunali kwa pachibale ndi pachinansi: wopita ku tauni ankasiyira munda mchimwene wake kapena mnansi, mwa pakamwa, popanda kutchula zaka, ndipo nthawi zambiri popanda lendi kapena ndi matumba ochepa a mpunga ngati chithokozo. Cholinga chachikulu sichinali ndalama ayi, koma kuti munda usamere tchire ndi kuti mwini wake adzautenge tsiku lililonse limene angabwerere. Owerenga a ku Malawi angazindikire mbali ina ya mchitidwewu m'kubwereka munda kwa nyengo imodzi ya dzinja, kumene nakonso kawirikawiri kumachitika mwa pakamwa.

Wobzala zipatso zogulitsa pa intaneti sangagwire ntchito ndi pangano lotere. Mtengo wa malalanje umatenga zaka zingapo usanayambe kubala mokwanira, ndipo mapaipi othirira, misewu ya m'munda ndi nyumba za pulasitiki zolimiramo ndi chuma chimene sichinganyamulidwe mwini malo akasintha maganizo. Nkhani ya Chu Shijian ikuonetsa kutalika kwa nthawi imene imafunika. Iye anali mkulu wa kampani ya fodya ya Hongta, ndipo atatuluka m'ndende pa zifukwa za matenda anabwereka malo a ma mu 2,400 m'mapiri a Ailao, m'boma la Xinping ku Yunnan, cha m'ma 2002, nabzala malalanje. Malalanjewo anatchuka m'dziko lonse mu 2012, pamene anayamba kugulitsidwa ku Beijing kudzera pa sitolo ya pa intaneti ya Benlai, patapita zaka khumi chibwerekere malowo. Palibe amene angaike ndalama zake kwa zaka khumi pa malo amene angalandidwe mwini wake akangobwera kudzadya chikondwerero cha chaka chatsopano.

Choncho mapangano atsopano amakhala olembedwa, a zaka zisanu, khumi kapena kuposerapo, ndipo lamulo la 2018 limalola kuti pangano la zaka zisanu kupita m'tsogolo likalembetsedwe ku boma, zimene zimathandiza wobwereka kupeza ngongole ku banki. Wobwereka nthawi zambiri ndi mlendo m'mudzimo, ndipo popeza sangakambirane ndi banja lililonse palokha, komiti ya mudzi kapena kopaletivi ndi imene imasonkhanitsa timinda tija kukhala munda umodzi. Malire akale amasalazidwa ndi thirakitala, ndipo banja limatsala ndi chikalata chonena kukula kwa malo ake koma osatha kuloza pamene ali.

Mtengo wa kusinthaku sulembedwa m'pangano. Kumayambiriro kwa 2009, chuma cha dziko lonse lapansi chitagwedezeka, akuluakulu a boma la China ananena kuti anthu ochokera kumudzi pafupifupi 20 miliyoni anachotsedwa ntchito ndi kubwerera kwawo. Ambiri anapeza chakudya chifukwa minda imene anasiyira achibale inabwezedwa mosavuta. Munda umene uli pansi pa pangano la zaka khumi, wobzalidwa manachesi ndipo malire ake anafufutidwa, sungabwezedwe motero, ndipo lendi ya theka la hekitala siingadyetse banja chaka chonse.

Kodi lendi ikakwera amapindula ndani?

Wopindula woyamba ndi banja lobwereketsa, makamaka nkhalamba zimene mphamvu zolimira zinatha ndipo penshoni ya kumudzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya ogwira ntchito m'mizinda. Lendi imatchulidwa pa mu iliyonse pa chaka, ndipo m'madera ambiri imawerengedwa potsata mtengo wa mulingo woikika wa mpunga kapena tirigu, kuti isatsalire m'mbuyo zinthu zikakwera mtengo. M'makopaletivi ena banja limaika munda wake ngati sheya, ndipo limalandira ndalama yotsimikizika kuphatikizapo gawo la phindu ngati lilipo. Ambiri mwa obwereketsawa amalembedwanso ganyu m'munda womwewo, kudulira mitengo, kuthyola zipatso ndi kulongedza.

Wovutika ndi mlimi wa mpunga, tirigu kapena chimanga amene ankabwereka minda ya anansi motsika mtengo kuti afike pa mahekitala atatu kapena asanu okwanira kudyetsa banja popanda kupita ku tauni. Phindu la mbewu zimenezi pa mu iliyonse ndi lochepa, ndipo iye sangapikisane ndi wolima maluwa kapena zipatso amene angalipire lendi yowirikiza. Alimi apakatiwa ndi amene ankagwira mudzi, pakuti anali a msinkhu wogwira ntchito ndipo ankakhala pamudzi chaka chonse, choncho kuchepa kwawo kumamveka ngakhale pa ntchito zokonza ngalande ndi kusamalira okalamba. Palinso nkhani ya akazi, chifukwa zikalata za minda zimatchula kawirikawiri mwamuna ngati mutu wa banja, ndipo mkazi amene anakwatiwa kumudzi wina kapena amene ukwati wake unatha amavutika kupeza gawo lake pamene munda wayamba kubweretsa ndalama.

Ndi bwinonso kuona kuti gawo lalikulu la phindu la malonda a pa intaneti silifika pamunda. Limatsalira kwa mwini msika, kwa wotumiza katundu, kwa wotsatsa wotchuka amene amadula gawo lake pa bokosi lililonse, ndi pa ndalama zolipira kuti sitolo ioneke pamwamba ogula akamafufuza.

Kodi boma limalola kuti minda ya chakudya isanduke ya zipatso ndi maluwa?

Limalola pang'ono, ndipo m'zaka zaposachedwa lakhwimitsa kwambiri. Dziko la China limadyetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a anthu a pa dziko lapansi ndi malo olima osafika gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo kuyambira mu 2006 linaika malire akuti malo olima asachepere ma mu 1.8 biliyoni, omwe ndi mahekitala 120 miliyoni. Mbali yaikulu ya malowa inaikidwa m'gulu la minda yotetezedwa mpaka kalekale, imene siiloledwa kukumbidwa maiwe a nsomba kapena kubzalidwa mitengo ya zipatso. Mu Seputembala 2020 nduna za boma zinatulutsa chikalata choletsa kugwiritsa ntchito minda pa zinthu zosakhudza ulimi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho zinatulutsa china choletsa kuchotsa minda pa ulimi wa mbewu za chakudya. Lamulo la chitetezo cha chakudya linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2024.

Apa mfundo ziwiri za boma lomwelo zimakokana. Mbali imodzi limalimbikitsa malonda a pa intaneti ngati njira yochotsera umphawi, monga zinaonekera mu Epulo 2020 pamene mtsogoleri wa dzikolo Xi Jinping anayendera mudzi wa Jinmi m'boma la Zhashui ku Shaanxi ndi kuyamikira ogulitsa bowa pa kanema wa pafoni. Mbali ina likufuna mpunga ndi tirigu, zimene sizipindula kwenikweni ndi intaneti chifukwa nzolemera, nzotsika mtengo ndipo zili kale ndi misika yake. Zinthu zimene zimayenda bwino pa intaneti ndi zomwezo zimene zimachotsa minda pa ulimi wa chakudya. M'madera ena akuluakulu a maboma analamula kuti minda ya zipatso ndi nazale za mitengo zizulidwe kuti pabwerere mbewu za chakudya, ndipo wobwereka amene anasaina pangano la zaka khumi anapezeka ndi lendi yoyenera zipatso pa munda wololedwa tirigu yekha. Vuto lina ndi la malo omangapo nyumba zosungira ndi kulongedzera katundu, zimene midzi ya Taobao imazisowa kwambiri, ndipo kumanga pa munda nkuphwanya lamulo.

Kodi minda yokhayo imatsatsidwanso pa intaneti?

Imatsatsidwa. Mzinda wa Chengdu unatsegula msika wa boma wosinthanirana maufulu a malo a kumudzi mu 2008, Wuhan inatsatira mu 2009, ndipo chaka chomwecho kunayamba Tuliu, tsamba la kampani yoima payokha limene limalumikiza ofuna malo ndi obwereketsa. Misika yotere imathandiza mudzi kudziwa lendi imene ikuperekedwa kwina, ndipo ina imachititsa mpikisano wa ofuna malo. Mu 2014 nthambi ya Alibaba yotchedwa Juhuasuan inayesa njira ina m'boma la Jixi ku Anhui, imene anthu a m'mizinda ankalipiriratu kagawo ka munda ndi kumalandira zokolola zake kunyumba, koma njirayi sinakule kufika posintha msika wa minda. Kubwereketsa kwambiri kumachitikabe kudzera mwa komiti ya mudzi ndi anthu odziwana.

Chimachitika nchiyani malonda akagwa?

Intaneti imafalitsa mbiri ya phindu mofulumira kuposa mmene mitengo ya zipatso imakulira. Mtundu wina wa chipatso ukagulidwa bwino chaka chino, anthu ambiri amabwereka malo ndi kubzala pa nthawi imodzi, ndipo patapita zaka zitatu kapena zinayi zipatso zonsezo zimafika pa msika limodzi. Zimenezi zinachitika ku Guangxi ndi manachesi aang'ono otsekemera otchedwa shatangju, amene mtengo wake unatsika kwambiri minda yatsopano itayamba kubala. Mpikisano wa pa misika ngati Pinduoduo, pamene wogula amaona masitolo ambiri ogulitsa chinthu chimodzi ndi kusankha wotchipa, umafulumizitsa kutsikako.

Lendi yokha siitsika, chifukwa inalembedwa pa nthawi ya chiyembekezo. Obwereka ena amathawa osalipira, ndi kusiya munda wodzala zitsa, mapulasitiki ndi zipilala za simenti, umene kuubwezeretsa kuti ulimidwenso mpunga kumafuna ndalama zoposa lendi ya zaka zingapo. Popeza komiti ya mudzi ndi imene inanyengerera mabanja kuti asaine, mkwiyo umagwera pa iyo ndi pa boma la deralo. Nchifukwa chake malamulo atsopano a unduna wa zaulimi, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Marichi 2021, amafuna kuti makampani ofuna malo aakulu ayambe aunikidwa ngati ali ndi luso ndi chuma chokwanira, ndipo amalimbikitsa maboma kukhazikitsa thumba la chikole lolipirira mabanja wobwereka akalephera. Malamulowo amanenanso kuti banja lisakakamizidwe kubwereketsa ndi kuti lendi ndi ya banjalo, mfundo zimene kubwerezedwa kwake kukusonyeza kuti kukakamiza kumachitika, makamaka kwa banja limene munda wake uli pakati pa minda ya ena amene avomera kale.

Kodi pali umboni wakuti intaneti ndi imene ikusuntha minda, osati zinthu zina?

Funsoli ndi lovuta chifukwa malonda a pa intaneti amakula m'madera amene ali kale ndi misewu yabwino, mafakitale apafupi ndi anthu ophunzira, ndipo madera omwewo ndi amene kubwereketsa minda kukanakula ngakhale popanda intaneti. Akatswiri a zachuma amapezerapo mwayi pa dongosolo la maboma oyeserera lija, popeza maboma sanalowemo chaka chimodzi: ena analowa mu 2014, ena m'zaka zotsatira. Poyerekeza mmene kubwereketsa kunasinthira m'boma limene lalowa ndi m'boma lofanana nalo limene silinalowe, amayesa kupatula mphamvu ya malondawo pa zifukwa zina. Njirayi nayo ili ndi malire ake, chifukwa zaka zomwezo ndi zimene boma linkapereka zikalata za minda ndi kuthira ndalama zambiri m'maboma 832 osaukitsitsa, amene onse anadzalowa m'dongosololi. Chimene chinganenedwe mosakayika nchakuti intaneti inapeza msika wa minda utatsegulidwa kale ndi kusamuka kwa anthu ndi kusintha kwa malamulo, ndipo ntchito yake yaikulu yakhala kusintha mtundu wa wobwereka, mbewu imene amabzala ndi kutalika kwa pangano.

Kutalika kumeneku kuli ndi malire amene akuyandikira. Mapangano ambiri a gawo lachiwiri anasainidwa cha m'ma 1997 ndi 1998, choncho akutha cha m'ma 2027 ndi 2028, ndipo popeza wobwereka sangapatsidwe zaka zoposa zimene zatsala pa pangano la banja, wofuna kubzala malalanje m'zaka zaposachedwapa wakhala akupeza mapangano aafupi kuposa moyo wa mitengo yake. Boma linayamba kuyesa kuwonjezera zaka 30 zija m'midzi yosankhidwa mu 2020, ndipo mu 2024 linakulitsa ntchitoyi kufika pa zigawo zathunthu za Anhui, Hunan ndi Guangxi, potsata mfundo yakuti mabanja ambiri apitirize ndi minda yomwe ali nayo popanda kugawanso mwatsopano. M'midzi imene malire anasalazidwa kale ndipo minda ili m'manja mwa makopaletivi ndi makampani, mabanja amene awonjezeredwa zaka adzayenera kukambirananso lendi ndi obwereka, ndipo achinyamata amene anabadwa kugawa kwa m'ma 1990 kutachitika alibe gawo lawolawo lolembedwa m'dzina lawo.